Botolo m'Ndowa ya Ana a Nkhosa

Phulusa la amuna anga linakhala m'kabati ya zofunda chaka chathunthu, pakati pa matawulo ndi mapilo akale. Sindinaliike pabalaza ndi duwa pambali ngati mmene amachitira amayi ena. Munthu wofa ndi uchitsiru wake sayenera duwa. Ndikafuna thawulo ndinkatsegula kabatiyo n'kunena kuti, "Sunthani, a Lyall," basi n'kutseka.

Anafa chonchi. Unali m'mawa wozizira, chisanu chitagwa, mwezi wa Julaye, tsiku la mpikisano wa maboti pamtsinje wathu. Boti lawo ndi la mtundu uja woyamwa madzi pansi ndi pampu n'kuwalavula kumbuyo, lomwe limathamanga ngakhale pamadzi olekeza m'akakolo. Injini anachotsa m'galimoto yakufa. Chaka chilichonse ankamaliza achitatu kapena achinayi, ndipo zinkawapweteka ngati dzino lobooka. Ndiye anakagula botolo la naitirasi, gasi uja amalowa mu injini ukadina batani, injini n'kupenga kwa kanthawi ngati hatchi yolumidwa ndi mavu. Gasi ameneyu amadana ndi kuzizira. Botolo likazizira, singano ya geji imagwa, ukadina batani injini imangotsokomola. Alipo lamba wamagetsi wofunditsira botolo, amagulitsa ku Christchurch. Koma mlimi wa nkhosa wa ku New Zealand kuno, kugula chinthu chomwe angathe kulumikiza yekha ndi waya wa mpanda amakuona ngati kuvula pagulu. A Lyall anatenga chowaulira cha gasi, chija timatenthetsera chitsulo chodulira michira ya ana a nkhosa, n'kuyamba kulinyambitsa moto botolo lija pabenchi m'shedi.

Ine ndinali kukhitchini, ndikutulutsa masikono mu uvuni oti akadyere kumtsinje. Mawindo onse a mbali imeneyo anagwera m'nyumba. Lata limodzi la shedi tinakalitola kukhola la nkhosa zamphongo. Zina zomwe ndinapeza m'shedimo sindilemba. Masikono aja ndinapatsa agalu.

Boti lokha silinakalike ndi pang'ono pomwe. Linali panja pangolo yake, likunyezimira, dzina langa lili m'mbali ndi penti wofiira: NOELEEN. Zaka makumi atatu ankalipukuta boti limenelo ndi kansalu kofewa Lamlungu lililonse. Mwini dzinane sindikumbukira tsiku lomwe anandipukuta ngakhale msozi.

Chaka chitatha, mwana wanga Fergus, mmodzi yekhayo, anabwera masana ena ndi alamu anga a Warwick, ang'ono awo a malemuwo. Anavula majombo pakhomo, a Warwick chala chachikulu chili pamtunda pa sokosi yobooka, n'kukhala patebulo ngati anthu odzafunsira mbeta.

"Amayi, nthawi yakwana," anatero Fergus.

"Nthawi ya chiyani? Kumeta nkhosa sikunafike."

"Ya adadi."

"Ali bwinobwino m'kabatimo. Sanadandaulepo."

A Warwick anaseka, akudzithirira shuga wambiri ngati wakwawo. "Alamu, musatero. Mwambo wa kalabu mukuudziwa."

Ndinkaudziwa. Membala wa kalabu ya maboti akafa, chaka chikatha amamutengera phulusa kumtunda kwa mtsinje m'boti lake lomwe, mkazi wake atakhala kutsogolo, n'kukaliwaza pomwe mwini wake anasankha. Masikono ndi tiyi wa amuna onse operekeza amakonzanso ndi mkazi wamasiye yemweyo. Mwambo umenewu n'zachidziwikire kuti anaupanga ndi amuna.

"Munthu uja ananena yekha tonse tikumva," anapitiriza a Warwick. "Dziwe Lobiriwira, pamwamba pa mathithi aja a Makwerero, pomwe ankagwira nsomba zake zija."

"Ananenera kuti? Kubala. Kubala komweko, mowa uli m'mutu, ananenanso kuti adzandipititsa ku Fiji."

"Amayi."

"Usanditi amayi. Ndifunse ine. Ino ndi nyengo yozizira, chipale chagwira m'mapiri, mtsinje waphwa. Pa Makwerero paja bambo ako ankakwera ali okha m'boti, madzi ali ambiri, n'kubwerako milomo itayera. Ndiye lero anthu atatu, ndi injini yokalamba ija, mukwera bwanji?"

Fergus ankayang'ana m'mbale ya shuga. Mwana ameneyu kuyambira ali wamng'ono akaba kanthu amayang'ana m'mbale. Ndinanyamuka, osavala ndi nsapato zomwe, mpaka papikapu yake. Kumbuyo kunali thumba la ubweya, ndipo pansi pa thumbalo panali botolo labuluu, latsopano, lonenepa ngati mwana wa nkhumba.

Zomwe ndinalankhula pabwalo paja agalu anazimva, anathawira kunsi kwa thanki. Ndinamuuza kuti bambo ake ndinawatola ndi fosholo. Ndinamuuza kuti mkazi wake Bronwyn ali ndi pakati, ndipo ngati akufuna kuti nayenso aphunzire kugwira fosholo angonena, ndimubwereka yanga. A Warwick ndinawauza kuti atuluke pafamu panga ndi sokosi yawoyo.

Fergus anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Ndagula lamba wamagetsi, Amayi. Wogula kusitolo, wam'katoni. Moto palibe. Batani ndidina kanthawi kochepa chabe, pa Makwerero pokhapo."

"Ayi."

"Loweruka tikupita. Mukakaniza phulusa, titenga chipewa chawo, tikaponya chimenecho. Koma ine ndikupita."

Sanakweze mawu. Bambo akenso sankakweza mawu. Ankangoti "chabwino, Noeleen," kenako n'kukachita zomwe ndakanazo. Ndinaona kuti pali ziwiri: kukhala pakhomo ndikumvetsera ngati kumtsinje kuphulike kanthu, kapena kupita maso anga ali pa botololo. Ndatopa nako kumva zinthu ndili kukhitchini.

Loweruka ndinadzuka kudakali mdima, ndinaphika masikono, ndinadzaza madzi owira m'mafulasiki akuluakulu aja timagwiritsa ntchito ometa nkhosa akabwera. Ndinatsegula kabati. "Tiyeni, a Lyall, mwawina." Bokosi lawo linali lolemera kuposa mmene ndinkakumbukira.

Potsitsira maboti panali poyera mbee ndi chisanu. Miyala inali itagwirana, madzi a m'mphepete ataundana ngati galasi. Amuna a kalabu anali atafika ndi maboti awo, zipewa zaubweya mpaka m'maso, akupondaponda pansi, utsi ukutuluka m'kamwa. Aliyense ankabwera pawindo la pikapu kudzandiuza kuti a Lyall anali munthu wabwino. Ndinkangogwedeza mutu. Ubwino wawo ndinali nditaunyamula pamiyendo.

Ndinakhala m'galimotomo kudikira kuti atsitse boti. Linachedwa. Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona Fergus ndi a Warwick atawerama m'boti, mitu itagundana, akunong'onezana. Kenako a Warwick anatulukamo botolo lili kukhwapa, n'kuzungulira kuseri kwa pikapu yawo, komwe sindikanatha kuona. Fergus anayang'ana kumene ndinali, n'kuwatsatira.

Ndinatsitsa windo. Kunali zii, mtsinje wokha. Kenako ndinamva kuti *thi, thi*, kenako *fuuu*.

Phokoso limenelo ndimalidziwa ngakhale m'tulo. Chowaulira cha a Lyall ndinachiponya m'dzenje lotayamo nkhosa zakufa tsiku la maliro lomwelo, koma ndinaiwala kuti mlimi aliyense ali ndi chake.

Sindikudziwa kuti ndinathamanga bwanji pamiyala yoterera ija ndi mawondo angawa, bokosi lili kukhwapa. Nditazungulira pikapu ndinapeza mwana wanga atagwada, botolo ataliimika pakati pa miyendo yake, walikumbatira ndi manja onse awiri, nkhope ili pafupi ndi geji. A Warwick atawerama, lawi labuluu lili m'manja.

"Zimitsani."

"Alamu, dikirani ndikufotokozereni. Lamba uja wapsa."

"Wapsa bwanji, wogula dzana?"

Fergus anayang'ana pansi. Panalibe mbale ya shuga, ndiye anayang'ana mwala. "Fyuzi yake inkangoduka. Ankolo anaikapo kawaya."

"Kawaya kanji?"

"Ka mpanda."

"Fyuzi za masiku ano n'zachibwana," anatero a Warwick. "Koma musade nkhawa. Achimwene analakwitsa poimika moto malo amodzi. Ukamauyendetsa chonchi, uku ndi uku, kungolinyambitsa pang'ono..."

Ndinawagunditsa bokosi lija pachifuwa mpaka anabwerera m'mbuyo. "Gwirani achimwene anuwa. Afunseni ngati ankauyendetsa kapena ayi." Anagwira bokosi ndi dzanja limodzi, ine n'kutsomphola chowauliracho ku dzanja linalo. Ndinayenda nacho chikuyakabe mpaka m'mphepete, n'kuchiponya pakati pa mtsinje ndi kabotolo kake komwe. Chinalira kuti *tswii*, basi.

"Chimenecho n'chatsopano!" anakuwa a Warwick.

"Kachitengeni."

Amuna a kalabu anali atasonkhana. Palibe ankaseka, ndipo palibenso yemwe ankaoneka wodabwa ndi zomwe a Warwick amachitazo. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, anthu omwe ananyamula bokosi la a Lyall m'tchalitchi, ndipo ndinadziwa kuti theka la iwo ali ndi chowaulira kuseri kwa mpando.

Ndinabwerera kwa Fergus n'kumulanda botololo. Linali lozizira ngati mtembo, kupatula kachigawo kamodzi komwe moto unali utayamba kugwira. Ndinaika dzanja pachotsekera chake. Kungopotokola kamodzi, gasi yense akanapita kumwamba, tonse n'kubwerera kwathu kukamwa tiyi.

"Tsegulani ngati mukufuna, Amayi," anatero Fergus, akadali chogwada. "Lolemba ndikadzadzitsa lina. Ndidzabwera ndi ankolo, inu osadziwa."

"Ukundiopseza?"

"Ayi. Ndikungokuuzani kuti musadzati ndinakunamizani."

Ndinaima pamenepo dzanja lili pachotsekera mpaka zala zinachita dzanzi. Ukali wonse womwe ndinabwera nawo unali ulipo, koma unalibe pogwira. Mwana wa zaka makumi atatu sungamutsekere m'chipinda. Ndikataya gasiyu, botolo lina lidzazizira m'mawa wina, ine ndili kukhitchini.

"Ndowa ija ili kuti?" ndinafunsa.

"Ndowa iti?"

"Ya ana a nkhosa. Ndaiona kumbuyo kwa pikapu yako."

Nkhosa zathu zina zimayamba kuswa chisanu chisanathe, ndipo m'mawa umapeza kamwana kali gone pa udzu, kouma ngati thabwa, m'kamwa mozizira. Sukaika pamoto. Ukakaika pafupi ndi moto kamafa. Umakamiza m'ndowa ya madzi ofunda mpaka m'khosi, madzi oyesa ndi chigongono, n'kumawonjezera otentha pang'onopang'ono mpaka kayambe kuphiriphitha. Ndachita zimenezo zaka zonse za ukwati wanga, nthawi zambiri ndekha, a Lyall ali kumtsinje.

Fergus anabweretsa ndowa. Ndinatunga madzi a mumtsinje pang'ono, ndinakhuthuliramo fulasiki yoyamba, ndinapinda juzi n'kuviika chigongono. Otentha kwambiri. Ndinawonjezera ozizira. Kenako ndinaimikamo botolo lija, n'kulifunditsa pamwamba ndi thumba la ubweya, ine n'kukhala pachitseko chakumbuyo cha pikapu ndowa ili pakati pa mapazi.

Apa ndiye pakamwa pa amuna aja panamasuka.

"Mukamaliza muliyamwitsenso, Noeleen!"

"Likalira mutiuze, tilipatse dzina."

"Limeneli likhala loyamwira m'botolo, mayi ake analikana," anatero wina wandevu, anzake n'kugwa nacho chikhakhali.

"Sekani," ndinatero. "Madzi a tiyi wanu ndi amene ali m'ndowamu."

Kuseka kunachepa.

"Onse?" anafunsa wandevu uja, ndikutsegula fulasiki yachiwiri.

"Onse. Mukamva ludzu mtsinje ndi uwo. Masikono mudya owuma."

Zinatenga nthawi. Dzuwa linatuluka pamwamba pa mapiri koma silinafunditse kanthu. Madzi akazirala ndinkatungamo ena ndi kapu n'kuthiramo otentha, chigongono chikulowa, chikutuluka, mpaka chinafiira. Fergus anakhala pambali panga maso ali pageji. A Warwick anali ataima patali, atakumbatira bokosi la achimwene awo, osadziwa poliika. Singano inayamba kukwera ngati nkhalamba pachitunda. Fulasiki yomaliza itatsala pang'ono kutha, Fergus anagogoda geji ndi chala.

"Yafika, Amayi."

Analinyamula ndi thumba lomwelo, n'kukalimangirira m'boti, n'kulumikiza paipi. Anandiveka jekete yoyandamitsa ndi chipewa cholimba chonunkha mutu wa bambo ake. Ndinakhala kutsogolo, bokosi pamiyendo, a Warwick kumbuyo.

Boti limeneli linali ndi dzina langa zaka makumi atatu koma ndinali nditakweramo kawiri kokha. Mtsinje wathu sudziwa njira imodzi, umagawanika timifuleni tambirimbiri pakati pa miyala, ndipo Fergus ankasankha kolowetsa boti ngati munthu wosankha ulusi. Pena madzi ankachepa mpaka miyala kumalira kunsi kwa mapazi anga. Mphepo inkacheka nkhope. Misozi inkatuluka yokha n'kuumira m'masaya, ndipo a Warwick atandigwira paphewa kuti andipepese ndinawamenya dzanja. Sikunali kulira. Kunali kuzizira.

Mapiri anayandikirana, dzuwa linabisika, ndipo maboti otiperekeza anayamba kutsalira limodzilimodzi, n'kukocheza pamchenga. Amuna aja anavula zipewa. Kutsogolo kwathu kunali Makwerero: mtsinje wonse wapanikizidwa pakati pa makoma awiri a thanthwe, ukutsika masitepe atatu, madzi oyera ngati mkaka wowira, miyala yakuda ikusuzumira pakati.

Fergus anaimika boti m'madzi odekha kunsi kwake. Anayang'ana geji. Anandiyandikira kukhutu.

"Gwirani chitsulo icho ndi dzanja limodzi, adadi ndi linalo. Pasitepe yomaliza boti lidumpha. Likadumpha pampu imayamwa mpweya m'malo mwa madzi, ndiye ndiyenera kuchotsa chala pabatani nthawi yomweyo."

"Ukapanda kuchotsa?"

"Injini imadzithamangira yokha mpaka kuphulika."

"Ili kuti injiniyo?"

Analoza kumbuyo kwa mipando yathu, pomwe a Warwick anatsamira.

"Chabwino," ndinatero. "Bola iyambira iwowo."

"Ndamva zimenezo, alamu!"

Tinalowa. Sitepe yoyamba boti linakwera ndi mphamvu yake, likunjenjemera, madzi akutimenya kumaso. Pa yachiwiri linafika pakati n'kuima. Injini ikubangula, madzi akuthamanga mbali zonse, koma thanthwe la kumanzere kwanga linali pomwepo, osasuntha, ndipo kenako linayamba kupita kutsogolo. Tinali tikubwerera chambuyo.

"Dina! Dina, mwana iwe!" ankakuwa a Warwick.

Fergus anadina.

Sindidziwa kulemba phokoso limenelo. Linalowa m'mano. Msana wanga unamatirira kumpando, bokosi linandikanikiza pamimba ngati a Lyall akufuna kubwerera, mphuno ya boti inaloza kumwamba, thanthwe lija linazimiririka. Sitepe yachiwiri inadutsa pansi pathu, yachitatu inabwera ngati khoma, tinaimenya, ndipo mwadzidzidzi kunsi kunalibe kanthu. Injini inakuwa mawu ena, oonda, okwera, ngati nkhumba ikuphedwa. Ndinayang'ana chala cha mwana wanga. Chinali chidakali pabatani.

Chinachoka.

Tinagwa pamadzi mpaka mano anagundana. Boti linapendama, linadzuka, linayenda pang'ono n'kulowa m'madzi osalala. Fergus anazimitsa injini.

Ndinatembenuka kuti ndimutukwane, koma ndinaona nkhope yake. Anali atatsegula pakamwa, maso akuwala, akuseka popanda mawu. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ili pachithunzi chomwe chili pakhoma la kalabu, a Lyall atangomaliza mpikisano wawo woyamba, tisanakwatirane. Ndi nkhope imene inandipusitsa ine. Masiku onsewa ndinkaganiza kuti mwanayu akufuna kuperekeza bambo ake. Mwina n'zoona ankafuna. Koma pamenepo ndinaona kuti phulusa linali chabe tikiti.

Dziwe Lobiriwira ndi lobiriwiradi, ndipo ndi lakuya moti pansi sipaoneka. Kulibe mphepo, kulibe mbalame. Ndinaipidwa kuona kuti ndi malo okongola. Zaka zonsezo ankabwera kuno, ine ndikutsuka matewera ndi kudyetsa ana a nkhosa amasiye.

A Warwick anavula chipewa n'kuyamba kulankhula za ubwana wawo, za njinga ina yomwe anaimangirira injini ya makina odulira udzu, koma sanamalize, analira ngati mwana, mamina mpaka pachibwano. Ndinawapatsa kansalu kanga. Ndinatsegula bokosi. Phulusa la munthu si lofewa ngati la nkhuni, lili ngati timiyala tija timapatsa nkhuku. Fergus anatapa dzanja limodzi, a Warwick limodzi, lotsala ndinakhuthula ndekha m'mbali mwa boti, pansi penipeni pa dzina langa. Linayandama pang'ono, kenako linamira ngati mtambo.

"Mwafika," ndinatero. "Musandivutenso."

Kenako ndinauza Fergus kuti amasule paipi ya botolo.

"Amayi..."

"Potsika sufuna gasi. Madzi akutengera okha. Masula."

Anatenga sipanala n'kumasula. Ndinavala magolovesi, ndinalozetsa kamwa la botolo kumadzi, n'kupotokola chotsekera mpaka kumapeto. Gasi anatuluka ndi mkokomo, woyera, n'kufalikira pamwamba pa dziwe pomwe phulusa linamira. Chotsekera chinachita chisanu m'manja mwanga. "Tengani ndi uyu," ndinawauza a Lyall. "Munamukonda kuposa tonse." Linapuma, linapuma, mpaka linangotsala kulira ngati ketulo yozirala.

Palibe anandiletsa. A Warwick anafuna kunena mtengo wake, koma atandiyang'ana anameza.

Boti linkazungulira lokha pang'onopang'ono. Ndinatulutsa masikono atatu m'thumba la jekete, ophwanyika, tinadya owuma.

"Mpikisano wa kalabu uli mwezi wamawa," anatero Fergus, akuyang'ana sikono yake. "Ndinalembetsa kale."

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani ndani? Bronwyn?"

"Nkhope yako."

Anadikira kuti ndikalipe. Inenso ndinadikira. Ndinafufuza m'chifuwa momwe mumachokera mawu aja othamangitsa agalu, koma munali mopanda kanthu ngati m'botolomo. Mawondo ankawawa, chigongono chinkanyerenyetsa, ndipo ndinkangofuna kapu ya tiyi, yomwe panalibe.

"Tiye tizipita," ndinatero. "Nkhosa sizinaonedwe."

Fergus anagula lamba wina wamagetsi, ndipo anandilumbirira kuti ankolo ake sadzamukhudza. Ndinamuyankha kuti malinga a Warwick ali moyo ndipo mipanda ili ndi waya, lumbiro limenelo ndi la mphepo. Tsono Loweruka lililonse la mpikisano, chisanu chikagwa, ndimadzuka kudakali mdima, ndimawiritsa maketulo, ndimadzaza mafulasiki, ndimakweza ndowa ija m'galimoto. Ndikafika potsitsira maboti ndimayamba ndayendera mapikapu onse, kusuzumira kuseri kwa mipando. Zowaulira zomwe zili pansi pa mtsinje umenewo tsopano zikhoza kutsegula sitolo. Amanditcha mayina, ndimawamva. Wandevu uja anayamba kubweretsa botolo lake kundowa yanga, akuti mkazi wake wamutuma. Ndimamuika pamzere kumbuyo kwa Fergus, ndipo madzi amabweretsa ake.

Bronwyn anabereka mwana wamkazi. Sabwera kumtsinje, ndipo sindimuuza kuti abwere. M'kabati muja muli malo tsopano, matawulo akukwana bwino, koma pakamwa panazolowera, ndimapezeka ndanena "sunthani" kwa mapilo.

Maboti akanyamuka, amayi ena amakalowa m'magalimoto kuthawa kuzizira. Ine ndimatsala panja ndi ndowa yopanda kanthu, nditavula chipewa kuti makutu amve bwino. Injini ya Noeleen ndimaizindikira pakati pa zonse, ngakhale ili kutali kuseri kwa mapiri. Ndimaimva ikubangula, kenako ndimamva mawu aja akusintha, ndiye kuti wadina. Pamenepo sindipuma. Ndimangoima pamiyala yozizirayo, chigongono chikuwawa, kudikira kuti mwana wanga achotse chala.